Ndasuntha tagi ya virglrenderer yathu, mapaketi asokonekera. Ndikonze bwanji?

kachipangizo walemba:

Moni akuluakulu nonse muno. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandizunguza mutu sabata yonse ino, nde mundipirire ndifotokoza motalikirapo kuti muone bwino pomwe zinakhotera.

Ndimayang'anira makompyuta asanu omwe timayendetsapo ma VM (makompyuta oyerekezera oyenda mkati mwa kompyuta ina) ndi pulogalamu ya QEMU, atatu ali pa Debian 12 awiri ali pa Fedora. Anzanga omwe amalemba kodi ya zithunzi anapempha kuti Vulkan, njira yomwe mapulogalamu amalankhulira ndi khadi ya zithunzi (GPU), izigwira mkati mwa VM, asamachite kuzimitsa kompyuta yonse nthawi iliyonse akafuna kuyesa kanthu pa sisitimu ina. Vuto ndi lakuti Debian 12 imabwera ndi QEMU 7.2 komanso virglrenderer 0.10.4 (laibulale yolola VM kujambula ndi GPU ya host, kompyuta yeniyeniyo), pomwe Venus, yomwe imachititsa kuti Vulkan igwire mu VM, inalowa mu QEMU pa 9.2 kumapeto kwa 2024, nde panalibe kuchitira mwina koma kupanga mapaketi athuathu. QEMU ndinatenga tarball (fayilo imodzi yopanikizidwa yokhala ndi kodi yonse) ya 9.2, sinandivute. Koma virglrenderer ndinatenga ku git, osati pa 1.1.0 penipeni, patsogolo pang'ono pa main poti panali ma commit ena omwe ndimawafuna, kenaka ndikuonjezerapo ma patch anga awiri. Zonse ndinaziika mu repo yathu, ndikupanga tagi (chizindikiro cha git choloza commit imodzi) dzina lake 1.1.0-local1, ndikuuza aliyense kuti tengani imeneyo.

Mawa lake mnzanga wina anandiitana kuti ndidzaone. Akangokoka windo ya VM kuti ikule, sikirini yonse imada bii, kamuvi ka mausi kokha ndi kamene kamaoneka kakuyendayenda. Nditafufuza ndinapeza kuti vuto linali mu patch yanga yachiwiri, mzere umodzi wokha. Ndinakonza, ndikupanga commit, kenaka `git tag -f 1.1.0-local1` ndikuipusha mokakamiza, poganiza kuti sipanathe ndi tsiku lomwe, bola dzina likhale lomwelo anthu asasokonezeke.

Pano zinthu zili chonchi. Mnzanga yemwe amapanga ma rpm a makompyuta a Fedora akuti checksum ya tarball sikugwirizananso ndi yomwe analemba dzulo lake. Wina akapanga `git fetch --tags` ikumukana, ikumati would clobber existing tag. Ndipo chomwe chikundiwawa kwambiri, makompyuta awiri a Debian onse `dpkg -l` ikuonetsa veshoni imodzimodzi, koma ina sikirini ikudabe ina ili bwinobwino, apt ikungoti palibe chatsopano choti iike.

Nde mafunso anga ndi awa. Kodi kusuntha tagi kuja ndi kumene kwabweretsa zonsezi, ndipo ndibwerere bwanji mmbuyo? Paketi yochokera pakati pa ma release awiri imapatsidwa nambala yotani? Tarball ndizitenga ija seva ya git imapanga yokha kapena ndizipanga ndekha? Komanso pali lina lomwe mwina silikugwirizana ndi tagi: pa kompyuta imodzi ndinabilda QEMU kaye ndisanaike laibulale yatsopano, pano laibulale ndaika koma ndikalemba venus=true QEMU ikukana kuti virglrenderer ndi yakale. Yakale bwanji pomwe ndaiika ndi manja angawa?

Zikomo kwambiri kwa aliyense amene angandiunikireko.

---

mdala_wa_deb walemba:

Achimwene pepani ndi zomwe zakuonekeranizo, koma mtima pansi, zimakonzeka izi.

Eya, tagi ija ndi imene yayambitsa. Tagi ikangochoka pa kompyuta yanu siikhalanso yanu, olo papite mphindi zisanu chiipushireni, poti simudziwa amene waitenga kale. Branch imayenda, aliyense amadziwa kuti main ya lero si main ya mawa, koma tagi anthu amaidalira ngati chikhomo, amalemba dzina lake mu ma script awo ndikuiwalako. Git inapangidwa mwadala kuti isamalole munthu wina kusintha ma tagi a pa kompyuta yanu inu osadziwa, ndipo kuyambira 2.20 `git fetch --tags` imakana poyera ngati mmene yamukanira mnzanuyo. Koma amene anangopanga `git pull` wamba sanauzidwe kanthu, tagi yake yakale inangokhala phee pamalo pake. Ndikukhulupirira kuti ndi zomwe zachitika pa makompyuta anu awiri aja, wina anabilda kuchokera pa commit yakale wina pa yatsopano, dzina limodzi. Mukatsegula `man git-tag` pali gawo lonse lokamba za kupanganso tagi, ndipo malangizo ake ndi omwewa, vomerani kuti munalakwitsa mupereke dzina lina.

Chinanso, onani kuti tagi yanuyo ndi yamtundu wanji. Lembani `git cat-file -t 1.1.0-local1`. Ikayankha kuti commit ndiye kuti ndi yopepuka ija, kadzina chabe koloza pa commit, kopanda tsiku, kopanda amene anaipanga, kopanda uthenga. Ikayankha kuti tag ndiye ndi yeniyeni yopangidwa ndi `-a` kapena `-s`. Ya release izikhala ya `-s` ngati muli ndi kiyi ya GPG, apo ayi `-a` basi. Phindu lake mudzaliona pa `git describe`, yomwe mwa iyo yokha imangowerengera ma tagi enieniwa, imakupatsani zinthu ngati 1.1.0-14-gabc1234 kutanthauza ma commit 14 patsogolo pa tagi, g ija ndi ya git, zotsalazo ndi chiyambi cha hash. Komanso `git push --follow-tags` imanyamula enieniwa okha.

Tsopano nambala, apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsere bwino chifukwa dzina lanu lija lili ndi msampha wina womwe sunafwamphuke. Kwa dpkg, chilichonse chobwera kumanja kwa kamzere komaliza ndi revision ya paketi. Nde 1.1.0-local1 ikuwerengedwa kuti kodi ndi 1.1.0 yeniyeni, revision ndi local1. Choyamba limenelo ndi bodza, poti kodi yanu si 1.1.0, yapitirira. Chachiwiri, poyerekeza, dpkg imaika zilembo pamwamba pa malo opanda kanthu, nde local1 imaposa 1, imaposa 2, imaposa ngakhale 50. Tsiku lina mutakweza sisitimu ndikupezamo 1.1.0-2 ya eni ake yokonza chitetezo, apt sidzaikhudza, idzaona ngati yanuyo ndi yatsopano mpaka kalekale. Yesani nokha, `dpkg --compare-versions 1.1.0-local1 gt 1.1.0-2 && echo eya`, muona.

Mmene timachitira ndi chonchi: 1.1.0+git, kenaka tsiku la commit kuyambira chaka, mwezi, tsiku, kenaka kadontho ndi hash yaifupi, ndiye kumapeto -0local1. Ka + kamapangitsa kuti ikhale pamwamba pa 1.1.0 koma pansi pa 1.1.1, nde release yotsatira ikadzatuluka idzalowa yokha. Tsiku ndi lofunika chifukwa hash payokha siikwera motsatana, ya mawa itha kuyamba ndi 0 ya lero ikuyamba ndi f. Mukangosintha za paketi osakhudza kodi, kwezani local1 ikhale local2. Ka ~ ndiye kamagwira mobwerera, 1.2.0~rc1 imakhala pansi pa 1.2.0, kameneko ndi ka zinthu zotuluka release isanafike. Chenjezo limodzi lokha, ndi +git yanuyo 1.1.0-2 ya eni ake sidzalowabe, ndipo apa nkoyenera poti kodi yanu ilidi patsogolo, koma zikutanthauza kuti nkhani za chitetezo zili pamapewa anu mpaka release ina. Ndipo laibulale imeneyi si yoseweretsa, imalandira malamulo ochokera mkati mwa VM ndikuwayendetsa pa host, bowo likapezeka mmenemo ndi njira yothawira mu VM.

Poti 1.1.0-local1 ili kale pa makompyuta, yatsopanoyo idzalowa popanda vuto chifukwa 1.1.0+git imaposa 1.1.0. Musakhudze epoch, nambala ija yoikidwa kumayambiriro kwa veshoni kuti ipose zina, chinthu chimenecho mukachiika sichichokanso.

Za tarball ine ndimakonda `meson dist`. Imatenga commit yomaliza, ndikuibilda, ndikuyendetsa ma tesiti, kenaka ndikukusiirani tar.xz pamodzi ndi fayilo ya sha256 mu foda ya meson-dist. Fayilo imeneyo muiike pamalo amodzi, isasinthenso.

---

nachi_gpu walemba:

A mdala afotokoza bwino za tagi, ine ndiyankhe funso lomalizalo chifukwa ambiri limawapunthwitsa ndipo likugwirizana ndithu ndi nkhani ya manambala.

QEMU sifunsa laibulale veshoni yake nthawi yomwe mukuyatsa VM, inafunsa kale nthawi yokompayila. Mu ma header a virglrenderer muli VIRGL_VERSION_MAJOR, ndipo kodi ya Venus mu QEMU yazunguliridwa ndi #if yoona ngati nambala imeneyo yafika pa 1. Inu munabilda QEMU ma header a 0.10.4 ali pamenepo, nde gawo lonselo linadumphidwa, mu binary yanu mulibiretu, chomwe chinatsalamo ndi uthenga wokana uja basi. Mutha kuika laibulale yatsopano kakhumi, sizisintha. Ikani libvirglrenderer-dev yatsopano kaye kenaka mubildenso QEMU, ndipo mu debian/control ya QEMU yanu, pa Build-Depends, mulembemo kuti ikufuna 1.0.0 kapena kuposa kuti wina akadzalakwitsa ndondomeko build izifa pompo mmalo mopereka paketi yolumala mwakachetechete.

Chomwe chimasokoneza anthu ndi chakuti QEMU yakaleyo imayakabe bwinobwino ndi laibulale yatsopano. Ndi chifukwa cha soname, dzina lomwe mapulogalamu amaitanira laibulale. 0.10.4 ndi 1.1.0 zonse zimatulutsa libvirglrenderer.so.1, nchifukwa chake ku Debian paketi imatchedwa libvirglrenderer1 kuyambira kale 1.0.0 isanatuluke mu 2023. 1 wa soname ndi 1 wa veshoni ndi zinthu ziwiri zosiyana, wa soname amasintha pokhapokha china chake chachotsedwa kapena chasinthidwa moti mapulogalamu akale athyoka. Kuonjezera ma function atsopano sikumusintha. Nde ngati ma patch anu akhudza virglrenderer.h, yendetsani `abidiff` pa laibulale yakale ndi yatsopano musanatulutse, imakuuzani chomwe chasowa kapena chasintha.

China choti muonetsetse mu paketi yanu, Venus simayenda mkati mwa QEMU momwemo, imayendera pulogalamu ina yapadera, virgl_render_server, yomwe imaikidwa ku libexec ndipo njira yake imalembedwa mu laibulale nthawi yobilda. Anthu akakopera mafayilo a paketi yakale amaiwala kuilemba pa mndandanda wa zoika, build imadutsa, OpenGL imagwira, Vulkan zii. Komanso musaiwale `-Dvenus=true` pa meson.

Ndiyankhulepo pang'ono chifukwa chomwe ma tagi amavutira kwambiri pa zithunzi za mu VM kusiyana ndi mapulogalamu ena. Kuti kachithunzi kamodzi kafike pa sikirini kamadutsa mmanja ambiri, Mesa (ma draiva a zithunzi) ya mkati mwa VM, virtio-gpu ya kernel ya mkatimo, QEMU, virglrenderer, kenaka draiva ya GPU ya host. Kuyambira pomwe Dave Airlie anayamba ntchito ya virgl zidutswazi zakhala zikulowa chilichonse pakhomo pake, QEMU 2.5, Mesa 11.1, Linux 4.4, zonse cha kumapeto kwa 2015 ndi kumayambiriro kwa 2016. Venus nayo chimodzimodzi, mu Mesa inalowa mu 2021, kernel ya mkati imafunika 5.16 kapena kuposa, koma QEMU inadzafika mu 2024. Ndipo aliyense ali ndi kalendala yake. Mesa imatulutsa kanayi pachaka, nambala yoyamba ndi chaka, 24.0 mpaka 24.3, ndi timarelease tokonza zolakwika pafupifupi masabata awiri aliwonse. QEMU katatu pachaka, ndipo kuyambira 4.0 mu 2019 nambala yoyamba imangokwera chaka chikasintha, sizitanthauza kuti china chathyoka. virglrenderer ilibe kalendala yotero, imatuluka eni ake akaona kuti yapsa, nchifukwa chake anthu ngati inu mumakakamizika kutenga pa main.

Nde munthu akabwera kuti sikirini yada, funso loyamba ndi lakuti tiuzeni manambala asanuwa. Imodzi ikakhala kuti ikuimira kodi ziwiri zosiyana, kufufuza konse kwathera pomwepo, mutha tsiku lonse mukukaikira Mesa pomwe vuto lili kwina.

Mukamaliza yesani chonchi: `-device virtio-gpu-gl,hostmem=4G,blob=true,venus=true` ndi display yokhala ndi gl=on, kenaka mkati mwa VM `vulkaninfo --summary`. Dzina la chipangizo liyambe ndi Virtio-GPU Venus kenaka dzina la khadi yanu yeniyeni. Mukaona llvmpipe yokha ndiye kuti CPU ndi imene ikujambula.

---

rpm_yekha walemba:

Ine nditsutsane nawo pang'ono a mdala pa nkhani ya tarball, osati kuti alakwitsa koma pali mbali ina yomwe sitingaisiye.

Kumbali yoyamba ndikugwirizana nawo, tarball yomwe seva imapanga yokha mukadina pa tagi si yoidalira checksum yake. Fayilo ija nthawi zambiri siisungidwa, imapangidwa mukaipempha. Pa 30 January 2023 GitHub inakweza Git yawo, ndipo poti Git 2.38 inasintha njira yopanikizira gzip, ma checksum a ma tarball amenewa anasintha tsiku limodzi popanda aliyense kukhudza kodi, ma build a anthu ambirimbiri anaima mpaka anabweza kusinthako. Nde mnzanu wa ma rpm uja, olo mukanapanda kusuntha tagi, tsiku lina zikanatha kumuchitikirabe.

Koma kumbali inayo kumbukirani za xz, pulogalamu yopanikizira mafayilo ija. Mu March 2024 Andres Freund anapeza khomo lobisika mu 5.6.0 ndi 5.6.1, ndipo kachidutswa komwe kamayambitsa zonsezo kanali mu tarball ya release yokha, mu git munalibe. Anthu amawerenga git, ma distro amabilda tarball, pakati pakepo palibe amayang'ana. Kuyambira pamenepo ine tarball yopangidwa pa kompyuta ya munthu sindiilandira ndi manja awiri ndisanaiyerekeze ndi tagi. Ubwino wake mapulojekiti a meson ngati virglrenderer savuta kuyerekeza, mulibe mulu wa mafayilo a configure opangidwa ndi makina ngati mmene zimakhalira ndi autotools, nde mumangomasula tarball, kupanga checkout ya tagi pambali, `diff -r`, pasapezeke chachilendo. Mphindi imodzi basi.

Nde ine ndingati chitani zonse ziwiri. Tagi yosainidwa ndiye muzu, tarball ya `meson dist` ndi yosainidwanso, ndipo wina osati inuyo aziyerekeza ziwirizi. QEMU ndi Mesa onse amaika fayilo ya .sig pambali pa tarball iliyonse, si zachilendo.

Za manambala ku mbali yathu ya rpm. Kamzere sikaloledwa nkomwe mu Version, nde ndikudziwa kuti mnzanuyo anachita kulisintha dzina lanu lija mwa nzeru zake, kutanthauza kuti ma Fedora ndi ma Debian anu akutchula chinthu chimodzi maina awiri. Ife ka ~ timakagwiritsa ntchito ngati a Debian, koma pa snapshot yotuluka release itadutsa tili ndi ka ^, monga 1.1.0^ kenaka tsiku, git ndi hash. `rpmdev-vercmp` imakuuzani yomwe ili pamwamba. Chachikulu tsiku ndi hash zikhale zofanana mbali zonse, munthu akayang'ana `rpm -q` ndi `dpkg -l` azindikire kuti ndi commit imodzi.

Komanso funso lomwe palibe wafunsa, ma patch awiriwo mwawatumiza kwa eni ake ku GitLab ya freedesktop? Ngati ali othandiza atumizeni, mwina mzere unakuvutani uja wina akanauona musanautulutse. Ndipo ine ndikanakonda asalowe mu tarball nkomwe, akhale mafayilo apadera mu paketi, Patch0 ndi Patch1 mu spec, debian/patches kwa a Debian, kuti aliyense aone kuti kodi ya eni ake ithera apa, yathu iyambira apa.

---

kachipangizo walemba:

Akuluakulu mwandithandiza kwambiri, sindimayembekezera mayankho ozama chonchi.

Ndayesa zomwe munanena a mdala, `git cat-file` yayankha kuti commit, nde inalidi yopepuka. Ndipo ndafunsa mnzanga wa kompyuta yomwe ikudabe, akuti iye anangopanga pull ndikubilda, ndendende mmene munanenera. Compare-versions ija yandiyankha eya, ndakhala kaye chete pampando chifukwa zimenezo sindikanazitulukira ndekha mpaka tsiku lovuta.

Achemwali a nachi_gpu, ndabildanso QEMU ma header atsopano ali pamenepo, uthenga wokana uja wasowa. Ndipo virgl_render_server inalidi kunja kwa paketi, inatsalira mu debian/tmp, ndaiwonjezera.

Kwatsala kamodzi. Tagi yakale ija 1.1.0-local1 ndiichite chani pano? Mtima ukundiuza kuti ndingoifufuta pa seva isasokonezenso wina, koma mwina kufufuta nakonso ndi kulakwitsa komweko. Komanso ngati nditsatira a rpm_yekha ndikuchotsa ma patch mu tarball, tagi yanga yatsopano iziloza pati, pa commit ya eni ake kapena pa ya paketi?

---

mdala_wa_deb walemba:

Musaifufute achimwene. Kufufuta pa seva sikufufuta pa makompyuta a anzanu, ndipo wina amene adakali nayo akadzapanga `git push --tags` idzabwereranso, mwinanso yakale yolakwika ija. Isiyeni pomwe ili pano, musaikhudzenso, koma lembani uthenga kwa onse komanso mu changelog kuti dzina limeneli linaloza ma commit awiri, mutchule ma hash onse awiri, ndikuti lisagwiritsidwenso ntchito. Amene akufuna kuti yake ifanane ndi ya pa seva apange `git tag -d` kenaka fetch. Ngati seva yanu ili ndi zotetezera ma tagi, GitLab ili nazo, yatsani kuti ngakhale inuyo musathe kuisuntha mwangozi.

Pa funso lachiwirilo ndikuvomereza zomwe anena a rpm_yekha, ma patch akhale padera. Ndiye mukhala ndi ma tagi awiri, ina yoloza commit ya eni ake yomwe munatengayo, kumene tarball ichokere, ina yoloza commit ya paketi momwe muli debian/ ndi ma patch. Ogwiritsa git-buildpackage amazitchula upstream/ ndi debian/ kutsogolo kwa nambala, mutha kutengera. Ubwino wake vuto ngati la mzere umodzi lija likadzabweranso tarball sisintha, checksum ya mnzanu sisintha, mumangokonza patch ndikukweza local1 kukhala local2.

Musaone ngati ndi inu nokha amene mwakumana ndi zoterezi, nkhani yosowa tagi yogwirika imavuta ngakhale akuluakulu. QEMU 8.2 mu December 2023 inabwera ndi chipangizo china, virtio-gpu-rutabaga, chomwe chimalola gfxstream ya ku Android Emulator kugwira ntchito mu QEMU. Koma rutabaga_gfx inali mkati mwa crosvm, yomwe siitulutsa ma release a manambala ngati QEMU, anthu ake anazolowera kubilda kuchokera pa main. Nde kuti QEMU ndi opanga mapaketi akhale ndi pogwira panachita kupangidwa ma tagi a 0.1.2 a rutabaga, gfxstream ndi aemu. Wopanga paketi sangalembe kuti tengani commit ya Lachiwiri lapitali, amafuna nambala yoti pkg-config iyerekeze, yoti uscan kapena release-monitoring.org ya Fedora iione ikatuluka ina.

Ndondomeko yomwe ine ndimatsata ndi iyi, ndipo sindiisinthanitsa: kusintha nambala mu changelog, commit, kubilda pamalo oyera ndi sbuild, kuyesa pa VM yeniyeni kuphatikizapo kukoka windo kuja, kenaka ndi pomwe ndimapanga tagi, ndipo kupusha kumabwera komaliza penipeni. Tagi isanapushidwe mutha kuisuntha mmene mungafunire, palibe waiona.

---

kachipangizo walemba:

Ndachita monga mwanenera. Tagi yakale ndaisiya, uthenga ndatumiza ndi ma hash onse awiri, zotetezera ma tagi ndayatsa. Ma tagi awiri atsopano ndasaina, tarball ya `meson dist` mnzanga wa ma rpm waiyerekeza ndi checkout, diff sinatulutse chachilendo. Makompyuta atatu a Debian apt yakweza yokha, awiri a Fedora mnzanga akumaliza spec yokhala ndi ka ^ mawa mmawa.

Pompano ndachokera pa kompyuta ija imada, takoka windo uku ndi uku kangapo, chithunzi chili nji, ndipo vulkaninfo ikulemba Virtio-GPU Venus pamwamba penipeni. Patch yoyamba ndikuikonzera uthenga wake kuti ndiitumize kwa eni ake sabata ino, yachiwiriyo ndikufuna ndiiwerengenso kaye modekha. A nachi_gpu, ngati mungapeze mpata ndingakonde muiyang'aneko ndisanaitumize, ndi mizere 30 yokha.